Lamba wa kamera akundipha khosi, ndipange bwanji?

Wa ku Chibavi:
Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndithandizeni nzeru. Kamera yanga ndi Canon 5D Mark III, ndinagula kwa munthu ndiye inabwera yopanda lamba wake, ndinangotola kalamba kena kopanda dzina kokhala ndi timaclip ta pulasitiki uku ndi uku. Ndikaika kalenzi ka 50mm palibe vuto koma panopa ndayamba kubwereka lenzi yaikulu ya 70-200 ndikakhala ndi ukwati, fulashi pamwamba, ase pofika nthawi ya perekani perekani khosi limakhala litaferatu mpaka mutu kuwawa. Ndiye Loweruka lapitali kaclip kamodzi kanangotseguka kokha ndikutsika masitepe a tchalitchi, mwayi dzanja linali pa lenzi. Lenzi ya eni ake imeneyo. Loweruka likubwerali ndili ndi ukwati wina tsiku lonse, ndigule chani chomwe ndingachipeze konkuno ku Mzuzu?

Wa ku Zolozolo:
kkkk lenzi yobwereka pa clip ya pulasitiki, aise uli ndi mtima iwe

Mdala wa ku Katoto:
Mphwanga yamba wawerengera katundu amene ukukoleka pakhosipo. 5D Mark III ndi batire yake ndi magalamu 950. 70-200 ngati ili ya f/2.8 IS II ija ndi magalamu 1,490. Fulashi yaikulu ngati 600EX ndi 425 usanaikemo mabatire anayi aja. Zonse pamodzi ukuyandikira makilo 3, mapaketi atatu a shuga pa kachingwe kopyapyala kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka dzuwa kulowa, khosi lilakwa chani pamenepo. Mavuto ako ndi awiri ndipo usawasakanize. Loyamba ndi pomwe kulemera kukugwera, lachiwiri ndi pomwe lamba wagwirira kamera. Anthu ambiri amathamangira lamba wofewa wa siponji wokongola n'kuiwala kuti chimene chimagwetsa kamera si lamba kuduka pakati, ndi pa mfundo, pa clip, pa ulusi.

Wa ku Chibavi:
Ndi ya f/2.8 yomweyo madala. Ndiye kulemerako ndikuchotse bwanji pakhosi poti kamera ndi yomweyo

Mdala wa ku Katoto:
Usamakoleke pakhosi basi. Lamba adutse paphewa limodzi n'kupingasa pachifuwa, kamera izikhala m'chiuno mbali inayo. Phewa ndi msana zimanyamula bwino kuposa khosi, ndipo lamba akhale wotambalala, masentimita 4 kapena kuposa, kuti asamalowe m'thupi.

Wamavidiyo wa ku Chiputula:
Ine ndimagwiritsa sling ya BlackRapid, imamangidwa ndi sikuluwu pansi pa kamera pomwe timamanga tripod paja, kamera imalendewera chadodolido m'chiuno ukafuna kujambula umangoikoka imatsetsereka pa lamba mpaka kumaso. Pa ukwati ndi bho kwambiri chifukwa manja onse amakhala omasuka ukamakonza velo la mkwatibwi kapena kuimika anthu pa mzere. Koma ndinaitanitsa kwa m'bale wanga ku Johannesburg, muno sindinaionepo orijino yake, zomwe zimabwera zambiri ndi zongofanizira.

Wa ku Zolozolo:
za sikuluwu imodzi zimenezo ine ayi. kamera yonse moyo wake pa kasikuluwu kamodzi? ukamayenda kamera imazungulira ndipo imamasula yokha pang'onopang'ono iwe osadziwa

Wamavidiyo wa ku Chiputula:
Imamasuka ngati waimanga mwaulesi man. Pali kalabala kakuda pakati pa sikuluwu ndi kamera, umakanyowetsa pang'ono usanamange ndiye kamagwira nganganga. Komanso chizolowezi, nthawi iliyonse ndikasintha batire kapena khadi chala chimapita pa sikuluwu kuona ngati ili yolimba. Kalabalako kakatha kapena kakasowa osagwiritsanso ntchito mpaka upeze kena.

Mdala wa ku Katoto:
Nonse mukunena zoona. Sikuluwu ija ndi ya kota inchi, ndi yolimba, koma njira imodzi yokha si yodalirika pa katundu wa eni. Amene ali ndi sling aonjezere kachingwe kachiwiri kuchokera pa kachitsulo ka m'mbali mwa kamera kupita pa lamba, kuti sikuluwu ikamasuka kamera itsalire pa kachingweko. Koma iwe wa ku Chibavi mvetsetsa ichi chifukwa ndi chimene chingakudyere ndalama zambiri: ukaika 70-200 lamba asagwire kamera yokha. Lenzi imeneyo ndi yolemera kuposa kamera, ikamalendewera kulemera konse kumakoka pa mount pomwe lenzi imalumikizana ndi kamera, ukamathamanga kutsogolo kwa galimoto ya akwati ikugwedezeka choncho tsiku ndi tsiku mount imayamba kugwedera. N'chifukwa chake lenziyo imabwera ndi collar, mphete yachitsulo yozungulira lenzi, yokhala ndi kaphazi pansi, kaphaziko kali ndi bowo la sikuluwu lomwelo. Manga pamenepo. Mwini lenzi anakupatsa ndi collar yake?

Wa ku Chibavi:
Eya ilipo koma ndimaichotsa imandisokoneza pogwira

Mdala wa ku Katoto:
Ibwezere. Ukamajambula ingoizunguliza kaphaziko kayang'ane m'mwamba kapena m'mbali, sikakusokonezanso.

Sisi wa ku Luwinga:
Ndilowepo nanenso. Ine ndili ndi Nikon D750 ndipo ndimagwiritsa Peak Design Slide, ndi wotambalala mamilimita 45, mbali imodzi ndi yoterera ina ili ndi timalabala togwira paphewa, ndipo amafupika ndi kutalika ndi chala chimodzi. Chimenechi musachipeputse kuno kwathu, June July umachoka kunyumba utavala chijekete chifukwa cha chisanu ndi kamvula kowaza kaja, pofika masana wavula, ndiye lamba amene unamuyeza pa jekete amakhala watalika kamera ikumenya ntchafu. Tizingwe take tomangira pa kamera, timene amati anchor, kampani imati kamodzi kamapirira makilo 90, ndipo kakayamba kuperepeseka mkati mumaoneka mtundu wina wokuchenjeza kuti sintha. Koma chonde zofanizira zake zadzadza pa intaneti, maonekedwe omwewo koma chingwe chake simungachidziwe, pa kamera ya ntchito osayerekeza. Ndipo kwa azimayi anzanga muli muno, lamba wopingasa ngati ndi wamfupi amasowetsa mtendere pachifuwa, yesani muli chiimire mutavala zomwe mumavala pa ntchito musanalipire.

Wa ku Chibavi:
Sisi zimenezo ndi zabwino koma pofika Loweruka sizingafike, ndipo ndalama yake panopa mmm

Wa ku Mchengautuwa:
Ndiye tikambe za ife osauka. Ine lamba wanga ndi lamba wa mpando wa galimoto, seat belt, ndinakapempha ku garaja ku Luwinga pa galimoto yoti inatha kale. Ndi wotambalala pafupifupi masentimita 5, anapangidwa kuti agwire munthu pa ngozi ndiye kamera kwa iye ndi masewera, komanso ndi woterera amayenda bwino pa malaya. Ndinapita naye kwa shumeka anandisokera. Chaka chino ndazungulira naye maukwati, zinkhoswe, graduweshoni ya ku Mzuni tsiku lonse padzuwa, khosi zii.

Wa ku Zolozolo:
kkkkk uyu akujambula atamanga seat belt, apolisi apamsewu sangakugwire

Wa ku Mchengautuwa:
Seka koma kamera yanga sinagwepo. Chofunika kudziwa, seat belt sangalowe pa kachitsulo ka kamera, pa Canon kabowo kake ndi ka lamba wa sentimita imodzi basi. Ndiye kumapeto kwake umasokerako timalamba ting'onoting'ono ta nayiloni, tabwino ndi tochotsa pa lamba wakale orijino wa kamera, ambiri tili nawo m'nyumba angokhala. Pamenepo ndi pomwe pali nkhani yonse. Shumeka asoke ndi ulusi wa nayiloni wosokera nsapato, osati wa telala wa malaya, asoke bokosi kenako X mkati mwake, timalambato tilowe pa seat belt masentimita osachepera 5. Nsonga zonse uwotche ndi machesi zisamasosoke. M'mphepete mwa seat belt ndi molimba mumatha kukanda khosi ukavala malaya opanda kolala, ndiye ine ndinachotsa kapilo ka paphewa pa chikwama cha laputopu cha pa kaunjika ku Zigwagwa n'kulowetsapo.

Sisi wa ku Luwinga:
Kapiloko mukakutire ndi kansalu kachitenje kochotseka achimwene, telala aike zipi kapena mabatani. Thukuta la tsiku lonse limanunkhitsa, ndiye muzingochotsa n'kuchapa. Akwati amatiyandikira kwambiri ife kkk

Mdala wa ku Katoto:
Nzeru ya seat belt ndaivomereza, ndinaonapo anzathu akale akuchita. Ndionjezere za zitsulo. Ngati uikepo ring kapena ngowe, usatenge tingowe ta makiyi timene amagulitsa pamodzi ndi matochi, tambiri timalembedwa pambali kuti si tokwerera mapiri, kachitseko kake kamatseguka kakangokhudzana ndi lamba wa thalauza. Peza ngowe yokhala ndi loko yopota. Ring ikhale yowotcherera yopanda mpata, ya pa chikwama chachikazi imatambasuka. Ndipo chitsulo chisakhudze thupi la kamera, chimadya penti ndi kachitsulo ka kamerako, pakati pazikhala nayiloni kapena kachikopa. Ndi chinyezi cha kuno, komanso amene mumatsikira ku Nkhata Bay ndi Chintheche kukajambula akwati kunyanja, zitsulo zotchipa zimachita dzimbiri msanga, ndipo lamba wachikopa ukamusiya m'chikwama ali wonyowa umakamupeza atachita nkhungu.

Wa ku Katawa:
Funso langa, wa neoprene uja wofewa ngati labala bwanji? Ndimaona a Op/Tech anthu amawayamikira

Wamavidiyo wa ku Chiputula:
Ndi wabwino pa kamera yapakatikati, amatamuka ndiye kulemera sikumveka kwambiri ukamayenda. Koma pa makilo 3 kamera imadumphadumpha ukathamanga, ndipo ukapita naye ku Karonga mwezi wa October paphewa pamanyowa ngati wathiridwa madzi. Pa vidiyo ine sindimufuna, ndimafuna lamba wosatamuka kuti ndikamukoka kumangika andithandize kuti chithunzi chisagwedere.

Wa ku Zolozolo:
nanga za akuba simukukambapo. lamba wolembedwa dzina la kamera ndi zilembo zikuluzikulu zachikasu kapena zofiira ndi chikwangwani choitana mbava, ku depoti kapena pa geti la Mzuzu Stadium tsiku la mpira anthu ali pikitipikiti. wanga ndinamutembenuza zilembo zili mkati

Sisi wa ku Luwinga:
Zoona, ndipo wopingasa pachifuwa ndi wovuta kutsomphola kusiyana ndi wongokoleka paphewa. Alipo ena a Pacsafe ali ndi waya mkati kuti lezala isadule. Koma pa kabaza, kaya wa njinga yakapalasa kaya yamoto, kamera ilowe m'chikwama chikwama chikhale kutsogolo. Lamba wosaduka munthu akamukoka uli pa njinga ndiwe amene ugwe.

Mdala wa ku Katoto:
China chimene ndimaona ngakhale kwa anthu oti ajambula zaka, kulowetsa lamba pa buckle molakwika, kansonga kali panja kakulendewera ndiye kamasololoka pang'onopang'ono. Chitani chonchi: nsonga ilowe pa kachitsulo ka kamera, idutse m'kamphete ka pulasitiki kaja, ndiye pa buckle kokani lamba amene alipo kale atukuke, nsongayo ilowe chamkati pa bowo lakumtunda kaye kenako ibwerere pa bowo lakumunsi. Ikatero imatsekeredwa pakati pa malamba awiri, mukamakoka ndi pomwe ikumangika. A Nikon muonenso timaring tamakona atatu tija, tikayamba kuyasama sinthani.

Wa ku Chibavi:
Ndabwerako akuluakulu. Seat belt ndapeza, timalamba tating'ono wandipatsa mnzanga pa lamba wake wakale wa Canon 600D, shumeka wasoka bokosi ndi X monga munanenera. Mbali imodzi ndamanga pa kachitsulo ka kumanzere kwa kamera, inayo pa kaphazi ka collar ndi sikuluwu yokhala ndi ring yomwe ndachotsa pa plate, kachitsulo komangira kamera pa tripod. Ikulendewera bwino lenzi yayang'ana pansi chakumbuyo. Ndingoidalira?

Wa ku Mchengautuwa:
Usanaikepo kamera yesa kaye. Dzadza chigubu cha malita 5 ndi madzi, ndi makilo 5 amenewo, mangirira pa timalambato unyamule ugwedeze mwamphamvu kangapo, kenako uyang'ane ulusi ngati wayamba kutseguka. Ukamaika kamera koyamba uyesere pamwamba pa matiresi.

Mdala wa ku Katoto:
Sikuluwu ya pa plate imeneyo sindikuikhulupirira mphwanga. Karing kake anakapangira kupotera ndi zala, osati kunyamula katundu, pa ma plate ambiri kamangolowa m'timabowo tiwiri m'mbali ndipo kamatha kuzuka. Usakolekepo lenzi ya eni.

Wamavidiyo wa ku Chiputula:
Ndili ndi sikuluwu ya sling yapadera yachitsulo chimodzi ndi kalabala kake, ndikubwereka ya Loweruka. Ndikhala mtauni mawa cha m'ma 10, ubwere ndi lenziyo ndi lambayo timangire limodzi ndione ngati kaphaziko kakufuna washa.

Wa ku Chibavi:
Mwandithandiza bigi, ndifika. Chigubu chapirira, ulusi uli bwinobwino, kungoti kapilo ka paphewa kakumathawira kumsana ndikakweza kamera

Sisi wa ku Luwinga:
Ndiye kuti lamba yense akuzungulira nanu poti mwamanga mbali ziwiri. Musakasokerere kapiloko, kasiyeni kazitsetsereka kuti lamba aziyenda mkati mwake, pansi pake telala aikepo kachidutswa ka chubu cha njinga kagwire malaya.