Funso: mafuta odzola atsopano ndiwayese bwanji pa amayi ndisanayambe kugulitsa?

Membala wosatchula dzina

Moni nonse pagulu pano. Safunsa anadya phula, ndiye ndati ndifunse. Ndayamba kupanga mafuta odzola a amayi kunyumba kuno ku Chilenje, aja osakaniza madzi, mafuta a malambe, a mongongo pang'ono ndi shea butter. Mabotolo 60 a 200 ml ndadzaza kale. Ndisanapite nawo m'masaluni ndikufuna amayi ena awayese kaye. Ndimaganiza zogawira anzanga a m'chilimba ndi a kutchalitchi Loweruka likubwerali, kenako ndiwaike m'gulu limodzi la WhatsApp azindiuza mmene akuwaonera. Ndipatse anthu angati, kwa masiku angati, ndipo ndiziwafunsa chiyani? Kodi oyesa amalipidwa? Mtengo ndikuganiza K120 botolo.

Wa ku labu

Loweruka ayi, amayi. Tiyambe apa: mwaikamo preservative (mankhwala oletsa tizilombo kuswana) wanji, magalamu angati pa kilogalamu?

Membala wosatchula dzina

Ndinathiramo vitamin E. Ndinamva kuti ndiye amasunga mafuta.

Wa ku labu

Vitamin E amachedwetsa mafuta kununkha ukale, koma tizilombo sapha. Chilichonse chokhala ndi madzi mkati ndi dimba la mabakiteriya ndi chuku, ndipo diso siliona kanthu mpaka zitafika poipa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mabotolo 60 amenewo musapatse munthu aliyense, pepani. Kuthiramo preservative lero sikuwapulumutsa, chifukwa ntchito yake ndi kuletsa tizilombo kuswana, osati kuyeretsa zimene zaipa kale.

Panganinso ochepa, makilogalamu awiri akwana. Madzi akhale distilled, aja ochokera ku nthunzi, opanda laimu. A pampopi kapena a pamjigo muno mu Lusaka ali ndi laimu wambiri, mungoona mmene ketulo yanu imayerera mkati, ndipo laimu ameneyo amasokoneza msakanizo. Chilichonse muyeze pa sikelo ya magalamu, masupuni asiyeni kukhitchini. Mbali ya madzi ndi mbali ya mafuta zonse zifike pa 70 mpaka 75°C musanaziphatikize, apo ayi zidzalekana pakapita masabata. Preservative ndi fungo zimalowa msakanizo utazizira kufika cha m'ma 40°C. Ngati ndi phenoxyethanol, asapitirire 1%, ndiye kuti magalamu 10 pa kilogalamu, ndipo gulani wosakaniza kale ndi ethylhexylglycerin kapena caprylyl glycol, chifukwa payekha amafooka pa chuku. Sodium benzoate ndi wotchipa koma amagwira bwino pH (muyezo wa asidi m'chinthu) ikakhala pansi pa 5. Mafuta anu akhale pa pH 5 mpaka 5.5. Miphika, mabotolo ndi zotsekera mupukute ndi spiriti wa 70%.

Mukatero, mafutawo ayambe ayesedwa okha asanakhudze khungu la munthu. Tengani mabotolo anayi a mtundu umene mudzagulitsiremo. Lina likhale m'kabati, lina pawindo lolowa dzuwa, lina pamalo otentha pafupifupi 40°C (pansi penipeni pa denga la malata pamayandikirako), lina muzililowetsa mufiriza maola 24 ndi kulitulutsa maola 24, katatu. Muziona sabata yoyamba, yachiwiri, yachinayi, yachisanu ndi chitatu ndi ya 12: kodi madzi ayandama pamwamba, mtundu wasintha, fungo lathawa, pH yasuntha? Shea butter amakonda kuchita timchenga akasungunuka n'kuzizira pang'onopang'ono. Tili mu Meyi, ndiye mafuta amene akuoneka bwino lero akhoza kusanduka phala lamadzi mu Okutobala ali pa shelefu ya kantemba.

Botolo limodzi lipite ku labu, a ZABS, bungwe loona za miyezo ya katundu, amayeza zinthu zotere. Pemphani awerenge tizilombo. Mulingo wa ISO 17516 wa mafuta a akuluakulu ndi tizilombo tosapitirira 1000 pa galamu, ndipo Pseudomonas aeruginosa, Staphylococcus aureus, E. coli ndi Candida albicans asapezekemo konse. Zotsatira zikabwera zabwino ndipo botolo la pamalo otentha lapirira masabata anayi, mutha kuyamba ndi anthu ochepa.

Namwino, Kabwata

Ndiwonjezere za khungu. Aliyense woyesa ayambe ndi pamkono, mkati cha pansi pa chigongono, malo aakulu ngati kobiri, kawiri pa tsiku kwa masiku 7. Tsiku limodzi silikwana. Chinthu chowotcha chimamveka nthawi yomweyo, koma ziwengo za kudana ndi fungo kapena preservative zimatha kutuluka patapita masiku awiri kapena atatu, zina mochedwerapo.

Musafunse kuti "kodi pafiira?" Pa khungu lathu kufiira sikuonekera bwino. Funsani ngati pakuyabwa, pakutentha, patuluka tizidzolo, pakusupuka kapena pakuda kuposa malo oyandikana nawo. Ichi chomaliza n'chachikulu, chifukwa khungu lakuda likatupa limasiya banga lotha miyezi, ndipo mayi amene mwamusiyira banga pakhosi sadzakuiwalani.

Ulendo woyamba musatenge oyembekezera, oyamwitsa, osakwana zaka 18, a chikanga, ndi amene ali ndi zilonda pakhungu. Gulu lina loti mulifunse mwaulemu, panokha, ndi la amene amadzola zoyeretsa khungu. Zambiri mwa izo zimakhala ndi hydroquinone kapena ma steroid monga clobetasol ndi betamethasone. Munthu akasiya steroid mwadzidzidzi kuti ayese mafuta anu, khungu limabuka zidzolo, ndipo mlandu udzagwera botolo lanu. Pa pepala lolembera mufunse kuti "tchulani zonse zimene mwadzola m'miyezi itatu yapitayi" ndipo atumize chithunzi cha machubuwo.

Aliyense adziwe chochita zikavuta: kusiya kudzola, kutsuka ndi madzi, kukuimbirani tsiku lomwelo. Milomo kapena zikope zikatupa, kapena kupuma kukavuta, ndi kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira yankho la pafoni. Ndalama ya kuchipatala ikhale yanu, muiike padera musanayambe.

Wofufuza za msika

Mbali ya chitetezo anena bwino. Ine vuto ndikuliona pa anthu amene mwasankha. Mayi amene mumadya naye chilimba, kapena mumakhala naye benchi imodzi Lamlungu, adzakuuzani kuti "ndi abwino kwambiri asisi, Mulungu akudalitseni" ngakhale botolo lili pansi pa bedi. Si bodza loipa, ndi ulemu. Koma inu mukufuna zolakwa, ndipo zolakwa amanena ndi munthu amene sadzakumana nanu pamaliro.

Chitani magawo awiri. Loyamba anthu 8, masabata awiri, kuti mugwire zazikulu: fungo lopweteketsa mutu, kunata, botolo lodontha. Konzani zimenezo. Lachiwiri anthu 30, masabata anayi athunthu, chifukwa khungu limadzisintha pafupifupi mwezi umodzi ndipo chikondi cha sabata yoyamba chimakhala cha fungo chabe. Lembani anthu 36, ena adzasowa m'njira. Akhale amene amagula kale mafuta a pakati pa K80 ndi K150 ndi ndalama zawo. Sakanizani: wogulitsa pa msika wa Soweto amene amakhala padzuwa ndi fumbi tsiku lonse, wa muofesi yozizira, wochapa ndi manja tsiku lililonse, wachitsikana wa ku koleji, mayi wa zaka zopitirira 45. Khungu louma ndi khungu la mafuta onse akhalepo. Owapeza abwino ndi eni masaluni amene sakukudziwani bwino.

Botolo lisakhale ndi dzina kapena nkhope yanu. Lembani nambala ya manambala atatu, monga 417, ndi mndandanda wa zimene zili mkati. Ngati mukufuna kudziwadi pamene muli, mupatse aliyense mabotolo awiri ofanana: anu, ndi mafuta odziwika a m'sitolo otsanulidwa m'botolo lofanana, la nambala ina. Mwendo wamanzere awa, wamanja awo, ndipo theka la anthu litembenuze. Madzulo miyendo imayankha yokha: umene watuwa mbuu ndi uti?

Gulu limodzi la WhatsApp ayi. Mayi mmodzi wolankhula kwambiri akangolemba kuti fungo ndi labwino, onse amatsatira. Aliyense afunsidwe payekha, tsiku la 3, la 7, la 14 ndi la 28, ndipo wofunsa asakhale inu. Uthenga wa mawu umatulutsa zambiri kuposa fomu, ndipo aliyense alankhule chinenero chake, kaya Chinyanja, Chibemba kapena Chingerezi. Mafunso asapitirire asanu ndi limodzi. Funso loti "mwawakonda?" mulitaye. Funsani zochitika: dzulo munadzola nthawi yanji? Munadikira mphindi zingati musanavale? Pofika 15 koloko khungu linali bwanji? Anadetsa chovala kapena chitenje? Ndi tsiku liti munabwerera ku mafuta anu akale, ndipo chifukwa chiyani? Ndani wina m'nyumba wadzolako?

Ndiye sikelo. Yezani botolo lililonse popereka, lembani magalamu, yezaninso pa tsiku la 28. Munthu wodzola thupi lonse tsiku lililonse amalitsitsa kwambiri botolo la 200 ml pa mwezi. Likabwera litachoka magalamu 20 okha, mawu onse okoma amene ananena musawawerenge.

Wasaluni, Kamwala

Zonsezo n'zoona koma makasitomala ambiri sabweza mafuta chifukwa cha mafutawo, amabweza chifukwa cha botolo. Pampu imene ikutulutsa bwino lero, mu Juni m'mawa mafuta atalimba ndi chisanu imangopuma mpweya. Chotsekera chongokanikiza chimatseguka m'chikwama munthu atapanikizidwa m'minibasi. Pepala la pabotolo lisakhale wamba, masiku atatu m'bafa inki yayenderera. Uzani oyesa ena aziyenda nalo m'chikwama, ena alisiye kubafa. Chitini chotsegula pakamwa amayi amachikonda chifukwa amakomba mpaka pansi, koma zala zonyowa zimalowamo tsiku lililonse, ndiye a ku labu atiuze ngati preservative angapirire.

Za kunata, yang'anani glycerin. Akapitirira 5% ambiri amadandaula kuti fumbi likukakamira m'miyendo, makamaka mu Ogasiti mphepo ikayamba. Fungo lisapitirire 1%. Amayi ambiri ali ndi perefyumu yawo, safuna mafuta olimbana nayo.

Koma kulipira ine ndikukana. Mwamupatsa botolo la K120 ulele, mumulipirenso? Wolipidwa amayamika kuti adzaitanidwenso.

Wa ku labu

Za chitini: chokhacho chimene chingayankhe ndi challenge test, pamene labu imathira dala tizilombo m'mafuta n'kumawerenga kwa masiku 28. Ngati ndalama yake palibe, khalani pa pampu kapena chubu.

Wofufuza za msika

Asisi a ku Kamwala, pa kulipira tisiyana pang'ono. Botolo loyesa si mphatso, mwina ndi loipa, n'chifukwa chake likuyesedwa. Chimene chikulipidwa ndi mabandulo, nthawi yoyankha kanayi ndi ulendo wobweza botolo. K50 kapena K60 pa Airtel Money kapena MoMo, yofanana kwa onse, yoperekedwa botolo likabwera, ndipo anene poyamba kuti wodzudzula ndi woyamika alandira chimodzimodzi. Popanda zimenezo mabotolo sabwera, sikelo ija igwira chiyani?

Ndalama yomweyo ndi mayeso omaliza. Pa tsiku la 28 muuzeni asankhe: K60 m'foni, kapena botolo latsopano la K120 awonjezerepo K60 yake. Osafunsa kuti "mungagule?" chifukwa aliyense amati inde. Werengani amene atulutsa ndalama m'chikwama. Mwa 30 akapezeka atatu okha, vuto lilipo ngakhale onse anayamika.

Wa zamalamulo a malonda

Mwachidule. Aliyense asaine pepala limodzi lonena kuti mafutawa akuyesedwa, muli zakutizakuti, akhoza kusiya tsiku lililonse, ndipo aimbire nambala iyi zikavuta. Data Protection Act ya 2021 imaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika kusamalidwa mwapadera, ndiye mayankho a za mimba ndi matenda a khungu asayende m'magulu. Kuvomera kuyesa si kuvomera kuti chithunzi cha mwendo wake chiikidwe pa Facebook; chimenecho chikhale ndi mzere wakewake wosaina.

Samalani mawu pabotolo ndi pouza oyesa. "Amafewetsa khungu" ndi mawu a zodzola. "Amachiza chikanga" kapena "amachotsa zipsera" ndi mawu a mankhwala. Lamulo la Medicines and Allied Substances la 2013, limene ZAMRA (bungwe loyang'anira mankhwala) imayendetsa, limakhudzanso zodzola, choncho pitani mukafunse zofunika musanasindikize mapepala ambiri. Kulonjeza zimene chinthu sichichita ndi nkhani ya CCPC, bungwe loteteza ogula. Mphika uliwonse ukhale ndi nambala ndi tsiku, mulembe kuti botolo liti lapita kwa ndani, ndipo musunge mabotolo awiri osatsegula pa mphika uliwonse. Wina akadzadandaula, amenewo ndiwo amapita ku labu.

Membala wosatchula dzina

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba m'kope. Mtima ukuwawa ndi 60 aja koma ndamva. Nanga mwa anthu 30, mmodzi yekha akachita zidzolo, ndiimitse zonse?

Namwino, Kabwata

Mmodzi wa kuyabwa pang'ono: iyeyo asiye, mulembe zonse zimene anadzola ndi sopo amene anasamba sabata imeneyo, ndipo tsiku lomwelo mufunse onse amene analandira za mphika umodzi ndi iye. Awiri a zizindikiro zofanana, kapena mmodzi wa matuza kapena kutupa: onse asiye, mabotolo abwerere. Woyamba kumukayikira ndi fungo, wachiwiri preservative. Pangani mphika waung'ono wopanda fungo, muyambirenso pamkono ndi anthu ena, osati amene anachita zidzolo uja.

Wasaluni, Kamwala

Mabotolo 60 aja musataye ndi mapulasitiki omwe. Khuthulani, tsukani ndi madzi otentha ndi sopo, aume, muwagwiritse poyesa mapepala a pabotolo ndi kudontha m'chikwama. Mapampu okha gulani atsopano, mkati mwa kachubu kaja simutsukika.