Kodi makina oyezera INR kunyumba ndi oyenera kugula?

Mayi wa ku Chikwawa: Mwana wanga wamkazi anamuika valavu yachitsulo ya mitral (kachitseko ka mu mtima kowongolera kayendedwe ka magazi) ku India, ndipo madokotala anati azimwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, moyo wake wonse, ndipo INR yake, nambala yosonyeza nthawi imene magazi amatenga kuti aundane, izikhala pakati pa 2.5 ndi 3.5. Achimwene anga a ku Johannesburg akufuna kumugulira makina otchedwa CoaguChek oti azidziyeza yekha INR kunyumba, koma poti ndalama zake si zochepa, ndati ndimve kaye maganizo anu.

Namwino wopuma: Amayi, ine ndikuti alandire. Mu 2012 magazini ya Lancet inasindikiza kafukufuku amene anaphatikiza zotsatira za mayesero 11, ndipo anapeza kuti anthu odziyeza okha anachepetsa ndi theka mavuto a magazi oundana, monga sitiroko, ngakhale kuti imfa ndi kutaya magazi kwambiri sizinasinthe kwenikweni. Phindu linaoneka kwambiri mwa osakwana zaka 55 komanso mwa okhala ndi valavu yachitsulo, ndipo mwana wanuyo ali m'magulu onse awiri. Kuyezako ndi kobaya chala basi, dontho limodzi la magazi pa kapepala, ndipo nambala imatuluka musanamalize n'kupukuta komwe.

Bambo wa ku Mzuzu: Anamwino, musaiwale kafukufuku wa THINRS wa mu 2010, amene anachitika pakati pa asilikali opuma a ku America pafupifupi 2,900. Amene ankadziyeza sabata iliyonse sanapose amene ankapita ku chipatala mwezi ndi mwezi pa nkhani ya sitiroko, kutaya magazi ndi imfa. Komanso chodula kwenikweni si makinawo ayi, koma timapepala toyezera, timene timatha ntchito pakapita nthawi ndiponso sitifuna kutentha kopitirira madigiri 30. Ku Chikwawa mu Okotobala mudzatisunga pati?

Namwino wopuma: Zimenezo n'zoona, bambo, koma asilikali aja ankayezedwa m'zipatala zokonzedwa bwino zoona za warfarin, mwezi uliwonse mosadumphitsa. Munthu amene ayenera kukwera minibasi mtunda wautali kuti akayezedwe, mwinanso n'kubwerera osayezedwa, sitingamuyerekeze ndi iwowo. Kwathu kuno INR imasinthanso ndi nyengo, chifukwa dzinja likafika bonongwe, chisoso ndi nkhwani zimachuluka pa mbale, ndipo vitamini K wa m'masambawa amafooketsa mphamvu ya warfarin.

Wophunzira wa ku Zomba: Bwanji ndalamazo osagulira mankhwala atsopano aja osafuna kuyezetsa magazi?

Bambo wa ku Mzuzu: Apo pokha ndiye ayi, achimwene. Kafukufuku wa RE-ALIGN wa mu 2013 anayesa dabigatran, amodzi mwa mankhwala atsopanowo, mwa anthu a valavu yachitsulo, ndipo anaimitsidwa asanathe chifukwa sitiroko ndi kutaya magazi zinachuluka. Apixaban, mankhwala ena atsopano, nayenso anayesedwa pa valavu yachitsulo yotchedwa On-X mu kafukufuku wa PROACT Xa, ndipo anamuimitsa pa chifukwa cha magazi oundana. Pa valavu yachitsulo warfarin alibe mlowam'malo. Ine sindikukana makinawo, koma nambala payokha sichiritsa munthu ngati palibe dokotala womuimbira foni kuti anene zochita INR ikakwera kwambiri n'kufika pa 5.

Mayi wa ku Chikwawa: Zikomo nonse. Ndikafunsa adokotala ake ngati angavomere kumalandira zotsatira pa WhatsApp ndi kumasintha okha mlingo wa mankhwala. Akavomera, ndiwauza achimwene agule, koma alonjezenso kuti timapepalato azitumiza mosalekeza, ndipo tizitisunga mu fuliji ya kwa aphunzitsi oyandikana nafe.