Ndalama za chaka chino: chikho cha mpira, makina, kapena munthu wa fiziyo?

Mlembi:
Makolo ndi abale nonse a kwathu ku Katete okhala muno mu Lusaka, mwaswera bwanji? Pa msonkhano wapita uja tinagwirizana kuti ndalama zimene tasonkha chaka chino zipite ku ntchito imodzi yokha ya kumudzi. Maganizo amene afika kwa ine ndi awiri. Loyamba ndi la anyamata: tikuze mpikisano wa mpira umene timachititsa tikapita ku mwambo wa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti, tigule majezi, mipira ndi chikho chatsopano. Lachiwiri ndi la aPhiri: timange chipinda pa kiliniki ya kwathu, tiikemo makina a fiziyo, chithandizo chija chobwezeretsa mphamvu m'ziwalo zovulala kapena zofooka. Kambani pano, kuti tsiku la msonkhano likamafika tikhale titamvana kale.

aPhiri a ku Chawama:
Zikomo aMlembi. Ambiri mukudziwa kuti amayi anagwa pochoka kudimba, nathyoka dzanja. Chikhakha anawamanga bwinobwino, fupa linalumikizana. Koma atachichotsa, zala ndi mkono zinali zitauma. Anauzidwa kuti azibwera kawirikawiri kudzachita mafizo. Kuchoka kumudzi mpaka ku boma ndi njinga yamoto, kupita ndi kubwera, ndalama yake ndi yaikulu kwa munthu wodalira mtedza ndi chimanga. Anapita masiku oyamba, kenaka anasiya. Lero mthiko sagwira, khasu sagwira. Nditawabweretsa kuno ndinaona makina otenthetsa minofu, ena a magetsi omata pakhungu, njinga yopalasa uli pamalo amodzi. Ndinadzifunsa: bwanji zinthu izi zisakhale kwathu?

Kochi wa timu ya kumudzi:
Makolo, ine majezi ndimawafuna, sindinama. Koma ndikambe zimene ndimaona. Mu Ogasiti bwalo limakhala louma gwa, lili ndi mabampu, ena amasewera opanda nsapato. Chaka chilichonse mpikisano ukatha, inu mumakwera basi kubwerera ku Lusaka, ife timatsala ndi anyamata otsimphina. Wabinya kakolo, wina bondo latupa. Kunyumba amawathowa ndi madzi otentha, amawatema mphini, pakapita sabata abwerera m'bwalo. Mnyamata wathu wogoletsa zigoli uja bondo lake limagwedezeka mpaka lero, mpira anasiya.

aTembo a ku Matero:
Ine ndikukana zonse ziwiri, chipinda ndi makina omwe. Zaumoyo ndi ntchito ya boma. Mu 2022 CDF, ndalama ya boma ya chitukuko cha m'madera, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse, ndipo yakhala ikukwerabe. Chipinda chimenecho tilembe kalata, idutse ku komiti ya chitukuko ya wadi, amange ndi ndalama imeneyo. Ife tindalama tathu ta m'thumba tisalowe nato m'ntchito imene sitingaimalize.

Nasakala:
Makolo anga, ndine mwana pakati panu, koma poti ntchito yanga ndi yomweyi ya fiziyo, ndiloleni ndikambe motalikirapo.

Amalume aPhiri, vuto mwaliona bwino. Fiziyo si jekeseni yobaya kamodzi. Munthu amafunika kuonedwa mobwerezabwereza kwa masabata, nthawi zina miyezi, ndiye ikakhala kutali anthu amasiyira panjira. Pamene ndikusiyana nanu ndi pa makina. Dzanja la agogo silikanachira chifukwa cha makina otenthetsa. Likanachira chifukwa cha munthu wodziwa, woliyeza kuti likupindika mpaka pati, wowaonetsa mmene angamalipindire ndi kuliwongola tsiku ndi tsiku kunyumba, kufinya nsalu yonyowa, kutola nyemba ndi zala, kenaka kuwonjezera pang'onopang'ono. Makina amachepetsa ululu kwa kanthawi, koma chimene chimabweza mphamvu ndi kuyendetsa chiwalocho moyenera.

Ngakhale pa msana ndi chimodzimodzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati kupweteka kwa msana ndiko kumalepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito padziko lonse kuposa vuto lina lililonse, ndipo mu 2020 kunakhudza anthu pafupifupi 619 miliyoni. Malangizo amene linatulutsa mu 2023 pa msana wopweteka kwa nthawi yaitali amaika patsogolo kuphunzitsa wodwala ndi mafizo okonzedwa bwino. Malamba omanga m'chiuno ndi makina okoka msana linati asamagwiritsidwe ntchito mwachizolowezi. Ndiye tikagula makina popanda munthu, chipinda chidzakhala chotseka.

Ganizo langa ndi lachitatu. Tilipire katswiri wa fiziyo azibwera pa kiliniki masiku odziwika mwezi uliwonse. Asakhale wochokera kuno ku Lusaka, makilomita pafupifupi 500 a Great East Road angatithere ndalama zonse pa basi. Tifunefune wa ku Katete komweko kapena ku Chipata. Zipangizo zoyambira kalipentala ndi wowotcherera zitsulo a kwathu angapange: mipiringidzo iwiri yogwira pophunzira kuyenda, masitepe a matabwa, ndodo zoyendera, bedi lolimba loyezerapo. Tiwonjezere mabandeji otamuka ndi timatumba ta mchenga tonyamula.

aPhiri a ku Chawama:
Mwana wanga, ndakumva. Koma munthu wobwera kamodzi pamwezi akwanira? Nanga pakati apo odwala azionedwa ndi ndani? Chipinda chimaoneka, anthu amati ichi anamanga ana athu a ku Lusaka. Malipiro a munthu akatha, palibe chotsala.

Nasakala:
Kamodzi pamwezi n'kochepa, amalume, kawiri kungakhale bwino. Koma ntchito yake ina ikhale yophunzitsa amene ali komweko: anamwino, othandiza zaumoyo m'midzi, a komiti ya zaumoyo, ndi wachibale amene akusamalira wodwala. Munthu wa sitiroko amene wafa ziwalo mbali imodzi safuna makina. Amafuna mwana wake adziwe kumutembenuza kuti asachite zilonda, kumukhazika, kumuimika, ndiponso kuti asamamukoke dzanja lofookalo pomudzutsa, chifukwa phewa limawonongeka. Zimenezo zikaphunzitsidwa zimatsala m'mudzi.

aNabanda a ku Mtendere:
Ine ndaima ndi Nasakala. Mwakamba za mpira, koma za azimayi palibe watchula. Pitani kumudzi mwezi wa Novembala muone. Mayi aweramira khasu kuyambira mbandakucha, akaweruka asenze ndowa, mwana ali kumbuyo. Usiku msana, mawondo, khosi. Mankhwala ake ndi timapilitsi ta pa kantini, lero awiri, mawa anayi, mpaka m'mimba muyambe kuwotcha. Achemwali anga akhala choncho zaka zambiri, ndipo palibe anawauzapo kuti pali njira yonyamulira katundu ndi yolimbitsira msana. Ndiponso ana obadwa ndi mapazi opindikira mkati, alipo kwathu, makolo amawabisa m'nyumba.

Nasakala:
Amayi, pa ana amenewo mwakhudza pofunika. Phazi lopindika limawongoka ngati mwana ayamba chithandizo ali wakhanda. Pali njira yotchedwa Ponseti: amawongola phazi pang'ono ndi kumanga chikhakha, kusintha sabata iliyonse kwa masabata angapo, nthawi zambiri amadula pang'ono mtsempha wa kuchidendene, kenaka mwana amavala nsapato zapadera zolumikizidwa ndi kachitsulo, poyamba usana ndi usiku, pambuyo pake pogona pokha, mpaka zaka zinayi kapena zisanu. Kuno ku Lusaka, chipatala cha Beit CURE chimathandiza ana a mavuto a mafupa otere. Munthu wa fiziyo akakhala pa kiliniki ya kwathu, mwana wotere amadziwika msanga n'kutumizidwa koyenera, ndipo makolo amakhala ndi wowalimbikitsa kuti asavule nsapatozo msanga, poti phazi limabwerera.

aZulu a ku Kabwata:
Ana inu, musanyoze za makolo. Ine ndinakula tikuthowa. Kunali akuluakulu odziwa kuwongola mwendo wobinya, ndipo anthu ankachira n'kubwerera kumunda. Lero zonse mukuti n'zolakwika?

Nasakala:
Ayi agogo, sindikunyoza. Kuthowa kuli ndi nthawi yake. Msana wouma kapena bondo la nyamakazi, kutentha kumathandiza ndithu, ifenso timagwiritsa ntchito. Vuto ndi pa kuvulala kwatsopano. Munthu akangobinya, mkati timitsempha ta magazi timakhala tikutuluka magazi. Ukathira madzi otentha, kusisita mwamphamvu, kapena kumupatsa mowa, kutupa kumakula. Masiku awiri kapena atatu oyamba pamafunika kupumitsa mwendo, kuika chozizira mphindi 15 mpaka 20, kumanga bandeji mosathinitsa, ndi kuukweza pamwamba. Ngati madzi oundana palibe, nsalu yoviika m'madzi ozizira a pachitsime ndi yabwino kuposa otentha. Zikatero ayambe kuuyendetsa pang'onopang'ono, asaugoneke mwezi wonse.

Mphini zokha ndikupempha tisiye. Lezala pamalo otupa imalowetsa tizilombo, ndipo ikakhala yobwerekana ndi nkhani inanso.

Chinanso, si ululu wonse umene uli wa fiziyo. Wovulala amene sangathe kuponda n'kuponya phazi kanayi apite akajambulidwe, mwina fupa lathyoka. Msana wopweteka usiku, munthu akuwonda ndi kutuluka thukuta pogona, ingakhale TB ya msana. Wina miyendo ikuchita dzanzi, mkodzo ukutuluka wokha kapena ukukanika, ameneyo ndi wothamanga naye ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo, kaya ku St Francis kaya ku Chipata Central. Kusiyanitsa zimenezi ndiko kumafuna munthu wophunzira.

Msungichuma:
Ndikambe za thumba. Zimene tili nazo chipinda sizingamalize. Tingafike pa mawindo, denga ayi. Ndiponso makina amafuna magetsi okhazikika, ndipo akawonongeka wokonza ali kuno ku Lusaka. Walira mvula walira matope: tikagula, chaka chilichonse tizisonkhanso za kukonza. Ganizo la Nasakala tingalikwanitse kwa chaka chimodzi, ngati amene ali ndi ngongole ya zopereka amaliza kulipira.

aTembo a ku Matero:
Ndi pomwepo pamene pali nkhawa yanga, aMsungichuma. Chaka chimodzi. Anthu azolowere, agogo ayambe kuyenda, kenaka tiwauze kuti ndalama zatha? Kuyamba chinthu n'kuchisiya kumapweteka kuposa kusachiyamba. Ndipo munthu ameneyu akalakwitsa, mlandu udzakhala wa ndani? Wa gulu lino?

Mlembi:
Funso la aTembo ndi lolemera, tisalidumphe.

Nasakala:
Zoona, ndipo sitingangotumiza munthu pa kiliniki ya boma ngati kuti ndi nyumba yathu. Tiyambire ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Katete, avomereze, munthuyo azigwira ntchito pansi pa iwo. Akhale wolembetsedwa ku HPCZ, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo, ali ndi laisensi ya chaka chimenecho, pepala tilione ndi maso. Ophunzira fiziyo alipo, ku yunivesite ya UNZA amatuluka ndi digiri, ku koleji ya Evelyn Hone ndi dipuloma. Osisita wamba odzitcha madokotala asatinamize.

Pa za chaka chimodzi, atate aTembo, ine ndikuona kuti ganizo lanu la CDF ndi langali zikufunana. Lero tikalemba kalata yopempha chipinda, atifunsa kuti odwala ake ndi angati, ife tilibe yankho. Koma munthu akagwira ntchito chaka chathunthu akulemba m'kaundula aliyense wobwera, msana angati, sitiroko angati, ana angati, ovulala pa mpira angati, kalata yathu idzakhala ndi msana.

Mnyamata wa ku Kalingalinga:
Makolo pepani, manje mpikisano wafa? Anyamata kumudzi amadikira chaka chonse. Ukachotsa mpira, ambiri amathera ku kachasu.

Kochi wa timu ya kumudzi:
Usafe ayi. Chikho chakale chilipo, tichipukute. Majezi a chaka chatha akadali bwino. Ine ndingapemphe mipira yochepa chabe ndi kabokosi ka mabandeji, ndiponso kuti munthu wa fiziyo akhale pambali pa bwalo masiku a mpikisano.

Nasakala:
Achimwene aKochi, ndiwonjezere. Pali ndondomeko yotenthetsa thupi yotchedwa FIFA 11+. Imatenga mphindi 20, sifuna chipangizo chodula, mpira ndi zizindikiro za pansi basi. Muli kuthamanga, kulimbitsa minofu ya kumbuyo kwa ntchafu ndi ya pamimba, kuima ndi mwendo umodzi, ndi kuphunzira kudumpha n'kutera bondo lisakugwera mkati. Kafukufuku anaonetsa kuti matimu amene amaichita kawiri pa sabata kapena kuposa, kuvulala kumatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndikabwera ku Kulamba ndikhoza kuphunzitsa makochi onse a matimu olowa mpikisano, ulere. Koma muvomere lamulo limodzi: amene wagunda mutu n'kuchita chizungulire atuluke, asabwererenso tsiku limenelo, ngakhale ikhale fainolo.

Kochi wa timu ya kumudzi:
Lamulo limenelo ndilivomera, koma likachokere kwa aPampando pamaso pa mafumu. Ndikalinena ine ndekha, adzati ndikufuna kufooketsa timu ya anzanga.

aPhiri a ku Chawama:
Chipinda sindinachisiye mumtima. Koma ngati chaka chino munthu ayamba, ndipo kalata ya chipinda ikulembedwa, ndisintha voti yanga. Ndikupempha chabe kuti amayi akhale m'gulu la oyamba kuonedwa, ngati dzanja lija lingathekebe.

Nasakala:
Papita nthawi, amalume, ndiye sindingalonjeze kuti libwerera mwakale. Koma dzanja louma kawirikawiri limapezako mpata likagwiridwa ntchito moleza mtima. Aonedwe.

Wapampando:
Ndawerenga zonse, zikomo nonse. Pa msonkhano tidzavota pa maganizo atatu, osati awiri. Tisanafike tsikulo, aMlembi ndi Nasakala alembe kalata yopita ku ofesi ya zaumoyo, koma isatumizidwe mpaka titavota. AMsungichuma abweretse mtengo wa ulendo umodzi wa katswiri kuchoka ku boma ndi kuchoka ku Chipata, ndi mtengo wa kalipentala. AKochi mukambe ndi anamwino a pa kiliniki ngati pali malo amene angatibwereke. ATembo, poti njira za CDF mumazidziwa, mutifunsire kwa khansala wa wadi yathu nthawi imene amalandira mapempho.

aTembo a ku Matero:
Ndifunsa, aPampando. Koma voti yanga ikhala yokana pokhapokha titalemba m'buku la gulu kumene ndalama ya chaka chachiwiri idzachokera, ndi maina a amene avomera kusonkha. Ine ndikhala woyamba kusaina ngati ena khumi asaina nane.

aNabanda a ku Mtendere:
Lembani langa, aMlembi. Ndipo tsiku la fiziyo lisakumane ndi tsiku la sikelo ya ana, kiliniki imadzaza, agogo sadzapeza pokhala.