Khoma la mbiri ku laibulale yathu ya ku Lizulu

Mlembi: Akuluakulu, nyumba ija ankagawirapo ufa othawa nkhondo yatsala pang'ono kusanduka laibulale. Pakhoma lam'kati tikufuna kulemba mbiri ya nkhondo ya ku Mozambique, 1977 mpaka 1992. Achinyamata alemba kuti "nkhondoyi anaikoleza ndi Amerika". Tivomereze?

Achimwene a ku Joni: Lembani momwemo! Nkhondo iti imene iwowa sanalowetsepo dzanja? Vietnam, Iraq mu 2003 ati kuli zida zoopsa zomwe sizinapezeke, Afghanistan zaka 20. Ndalama yanga ya simenti ndinatumiza kale, mawu anga amveke.

Aphunzitsi opuma: Mwanawe, simenti yako tailandira ndi manja awiri, koma khomalo adzawerenga ndi ana a sukulu. Renamo, gulu la zigawenga lomwe linkamenyana ndi boma la Mozambique, anaiyambitsa ndi akazitape a boma la Ian Smith ku Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, anaitenga ndi azungu a ku South Africa. Kumene boma la Reagan, pulezidenti wa Amerika nthawi imeneyo, linaperekadi zida ndi ku Angola. Mu 1985 aphungu awo anachotsa lamulo la Clark lomwe linkaletsa zimenezo, ndipo mu 1986 Jonas Savimbi, mtsogoleri wa zigawenga za UNITA za ku Angolako, analandiridwa ku White House, kenako mizinga ya Stinger inafika kwa UNITA. Ku Mozambique anachita zina: Samora Machel, pulezidenti wa dzikolo, naye anakacheza kwa Reagan mu 1985.

Achimwene a ku Joni: Ndiye mukuti manja awo ngoyera, aphunzitsi?

Aphunzitsi opuma: Ayi ndithu. Chester Crocker, amene ankayendetsa za Africa m'boma la Reagan, mfundo yake inali yonyengerera boma la tsankho la South Africa m'malo molipanikiza, poopa kuti Soviet Union ndi Cuba zingazike mizu kuno. Pretoria inapeza mpata pamenepo. Komanso Jesse Helms, phungu wa ku Amerika, ndi anzake ankakakamiza kuti Renamo ithandizidwe. Chinawatseka pakamwa ndi lipoti la Robert Gersony la 1988, lomwe boma lawo lomwelo linamutuma. Anafunsa othawa nkhondo, ena kuno ku Malawi, nkupeza kuti Renamo iyenera kuti inapha anthu wamba osachepera 100,000.

Azakhali a ku Leeds: Ine mayi anga anaoloka msewu wa M1 usiku ali ndi mwana kumbuyo, kuthawa Matsanga, a Renamo aja. Za Crocker sankazidziwa. Khomali likhale la iwo. Tijambule mawu a agogo amene akadali moyo, mbali zonse za msewu.

Msungichuma: Azakhali anena zoona. Koma ngati tikutchula maiko, tiyambe pakhomo pathu. Mu September 1986 Machel anabwera ku Blantyre kudzadzudzula Kamuzu kuti akusunga Renamo, mpaka anaopseza zoika mizinga m'malire. Pambuyo pake asilikali athu omwe anakalondera njanji ya Nacala. Tinalandira anthu pafupifupi miliyoni, inde, koma zinazi tizibisa?

Achimwene a ku Joni: Apo mwandigwira, bambo. Komabe Amerika isasowe pakhomalo.

Wapampando: Siisowa. Aphunzitsi, lembani ndime imodzi ya maiko akunja onse, Malawi akhalemo, ya Savimbi muisiyanitse bwino ndi ya Renamo. Azakhali, tumizani mafunso oti achinyamata akafunse agogo. Tikapite kaye kwa mfumu Loweruka, poti ena amene anali mbali ya Matsanga ali m'midzi momwemu, ndipo ana awo adzalowa m'laibulale imeneyi.