Malaputopu akale a RAM ya 2GB, tiikemo Linux iti?

Mphunzitsi_SengaBay

Moni nonse. Pasukulu pathu kuno ku Salima tili ndi malaputopu 8 akale a HP ndi Dell. Asanu ndi limodzi ali ndi RAM ya 2GB, awiri ndi ang'onoang'ono aja a Atom, RAM 1GB. Onse ali ndi Windows 7 ndipo akuchedwa kwambiri. Tikufuna ana aziphunzirapo kutayipa, kulemba makalata, spreadsheet ndi kufufuza pang'ono pa intaneti. Ndamva za Lubuntu, Puppy ndi Linux Mint. Ndi iti yopepuka yomwe singativute? Bandulo ndi yodula, sindingathe kudawuniloda zonse kuti ndiyese.

Fundi_KamuzuRoad

Aphunzitsi, musanawononge bandulo onani kaye purosesa ya makina aliwonse. Pa Windows 7 lowani mu Control Panel, kenako System, mulembe dzina la purosesa. Musapusitsidwe ndi mzere wa "System type: 32-bit", chifukwa umanena za Windows yomwe ilimo, osati mphamvu ya purosesayo. Core 2 Duo ndi ya 64-bit. Core Duo yopanda 2 ndi ya 32-bit. Atom N270 ndi ya 32-bit, pomwe N450 ndi ya 64-bit.

Izi n'zofunika chifukwa Lubuntu ndi Mint zatsopano zimatuluka za 64-bit zokha, ndipo Debian 13 ya 2025 nayo inasiya installer ya 32-bit. Ngati ma Atom anuwo ndi N270, ikaninimo antiX 23, yomwe inamangidwa pa Debian 12. Imayenda ngakhale pa RAM ya 512MB, ndipo mtundu wa "full" umabwera kale ndi LibreOffice, pulogalamu yolembera makalata ndi spreadsheet. Pa asanu ndi limodzi enawo Lubuntu 24.04 ikwanira. Mint Xfce ndi yokongola, koma eni ake amati 2GB ndiye poyambira, 4GB ndiye yabwino, ndiye mungoyisiya.

Kupanga flash: tengani ya 8GB, muikepo Ventoy (pulogalamu yochititsa kuti kompyuta iyake kuchokera pa flash), mukopere ma ISO onse awiri momwemo, ndiwo mafayilo oikira antiX ndi Lubuntu. Poyatsa, HP mumadina F9, Dell F12. Yesani kaye "live", kutanthauza kuiyendetsa kuchokera pa flash osaiika m'makina, musanafufute hard disk.

Dwangwa_Tech

Ndikugwirizana ndi a Fundi pa za purosesa, koma pa RAM ya 2GB ine ndingaike antiX pa onse 8. Firefox ya mu Lubuntu ndi ya snap (njira ya Ubuntu yopakira mapulogalamu), ndipo pa hard disk yozungulira imatenga nthawi yaitali kuti itseguke koyamba. Komanso ana akamaona menyu imodzimodzi pa makina onse, mphunzitsi savutika kufotokoza kawiri. Mungotenga ISO ya 64-bit ya makina akuluwo ndi ya 32-bit ya ma Atom. N'zoona kuti ya 32-bit imathanso kuyenda pa onse, koma musatero: Chrome inasiya Linux ya 32-bit mu 2016, ndipo Mozilla analengeza mu 2025 kuti nawonso akusiya.

Puppy musaipereke kwa ana. Ndi yachangu chifukwa imadzikopera yonse mu RAM, koma munthu amalowa ngati root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa makina, ndiye mwana angathe kufufuta mafayilo a dongosolo lonse osafunsidwa password. Puppy ndi yabwino pa flash ya fundi, yopulumutsira mafayilo Windows ikafa.

Chomwe chimadya RAM kwenikweni ndi browser. antiX ikangoyaka imadya mazana ochepa a MB, koma YouTube ndi Facebook mukazitsegulira limodzi 2GB yatha, makina amayamba kulemba pa swap, gawo la hard disk logwiritsidwa ntchito RAM ikadzaza, ndiye kuuma kumene mumakuona kuja. Ikani uBlock Origin, yotsekera zotsatsa malonda, mu Firefox, ndipo ana asatsegule ma tab oposa atatu. Mukapeza kandalama, SSD ya SATA ya 2.5 inchi, ngakhale ya 120GB, imasintha makina kuposa mtundu uliwonse wa Linux. RAM yowonjezera onani ngati ndi DDR2 kapena DDR3 musanagule, sizilowana.

Mphunzitsi_SengaBay

Zikomo akuluakulu. Ma Atom ndi N270 onse. Ndayesa antiX pa Dell imodzi, yayaka bwino, koma Wi-Fi sikuoneka, ndipo nditalumikiza waya Firefox ikukana masamba ponena za certificate.

Mayi_IT_Nkhotakota

Aphunzitsi, mavuto awiriwo ndi osiyana. La certificate onani deti pa makinawo. Kabatire ka pa motherboard kakatha mphamvu, wotchi imabwerera zaka zambiri m'mbuyo nthawi zonse makina akazima, ndipo masamba a https amakanidwa. Nayo `apt` imadandaula kuti "Release file is not valid yet". Konzani deti mu BIOS, kenako musinthe kabatireko. Nthawi zambiri ndi CR2032, koma m'malaputopu ena kamakhala kokutidwa, ka waya ndi pulagi, ndiye katulutseni mupite nako pogula.

Za Wi-Fi, tsegulani terminal mulembe `lspci | grep -i net`. Mukaona Broadcom BCM4311 kapena BCM4312, zomwe zinali zofala mu Dell za nthawi imeneyo, chikusowa ndi firmware, kapulogalamu koyendetsa kachipangizo ka Wi-Fi. Muli pa waya choncho lembani `sudo apt update`, kenako `sudo apt install firmware-b43-installer`, muzimitse n'kuyatsanso. Kumene kulibe waya, lumikizani foni ya Android pa USB muyatse USB tethering, Linux imaizindikira popanda driver.

Poika, pangani akaunti ya ana yosiyana ndi yanu, yopanda mphamvu za sudo, zosinthira dongosolo la makina. Ikaninso `fonts-crosextra-carlito` ndi `fonts-crosextra-caladea`, kuti makalata a Word olembedwa ndi Calibri kapena Cambria asasokonekere mizere mu LibreOffice. Ndipo ndi kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala ndi Novembala, laputopu ikamazima yokha pakati pa ntchito musayambe kukayikira Linux. Tsegulani pansi, muchotse fumbi lomwe latseka fani, mupake thermal paste yatsopano pa purosesa.