Mlaliki wathu wa ku Vubwi: timubweze kapena apitirize?

Abusa, Mchinji boma

Moni atumiki anzanga nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yatisowetsa tulo ife a komiti ya utumiki kuno, ndipo Loweruka likudzali tiyenera kugamula.

Mu Meyi chaka chatha tinatuma mlaliki wathu kutsidya, m'dera la Vubwi ku Zambia, kumudzi kumene kuli abale a akhristu athu ena. Ndi mnyamata wokhulupirika, wapabanja, ana awiri. Poyamba zinkasangalatsa. Pansi pa mtengo wa mango pankasonkhana anthu oposa 60, ndipo mwezi uliwonse ife tinkapitako ndi matumba awiri a chimanga ndi zovala za kaunjika. Tsopano ndi Januwale, nkhokwe zathu zauma, ndipo Lamulungu lapitali anasonkhana anthu 14 okha, ambiri amayi.

K150,000 imene timamutumizira akaisintha pa malire a Mwami siikwana lendi ndi ufa. Pamwamba pa izo, sabata yatha amfumu anamuitana n'kumufunsa kalata yosonyeza amene anamutuma ndi amene akumudziwa m'Zambiamo. Kalatayo alibe. Analowa ndi border pass.

Komiti yagawikana. Ena akuti abwerere, ena akuti kubwerera n'kuchititsa manyazi uthenga. Ine mtima ukundipweteka ndi anthu 14 aja. Tithandizeni nzeru.

Mlembi wa mpingo, Kamwendo

Abusa, ndiyambire pa mapepala chifukwa apa ndiye pamene pangagwe ngozi mawa lomwe. Border pass ndi ya munthu wokaona wodwala, wokalira maliro kapena wokagula katundu ku Chipata n'kubwerera. Si yokhalira. Ngakhale wa pasipoti, Mmalawi salipira visa ku Zambia inde, koma mlendo wamba amapatsidwa masiku 90 pa chaka, wopitira za ntchito masiku 30. Wokhala kumeneko ngati mtumiki amafunika permit, ndipo permit imapemphedwa ndi mpingo wolembetsedwa m'dziko momwemo. Mnyamatayo watha miyezi isanu ndi itatu. Asadikire kuti amupeze. Abwere kaye kuno sabata ino, mudzakonze zinthu ali mbali ino ya malire.

Za chimanga nazonso samalani. Kutulutsa chimanga m'dziko kumafuna chilolezo, ngakhale chikhale chachifundo.

Mlaliki, Mkanda

Ine ndili kumbali ya akuti abwerere, ndipo abwereretu. Anthu 60 aja ankabwerera chimanga, mwaziona nokha. Kuno ku Mkanda kuli midzi imene mbusa amafikako kawiri pa chaka, ana akukula osadziwa ngakhale Pemphero la Ambuye. Ndalama imeneyo mukanagulira njinga alaliki awiri a konkuno. Kummawa kwa Zambia matchalitchi ndi ambiri ngati kwathu konkuno, tikukatani kumeneko?

Amayi a chigwirizano, Santhe

Achimwene a ku Mkanda, musawaweruze msanga anthuwo. Januwale uno ndani ali ndi mpata? Anthu ali kumunda, akupalira, akubandira, ena akuthyola fodya, ena ali paganyu kusaka chakudya cha ana. Ngakhale kuno ku Santhe mabenchi amachepa anthu miyezi ino. Muwerenge anthu mu Juni, soya atagulitsidwa, ndiye mudzadziwe amene anali a chimanga.

Koma funso langa ndi lina, ndipo palibe walifunsa. Mayi wa kunyumbako ali bwanji? Abusa mwatiuza za mlaliki, za amfumu, za ndalama. Nanga mkazi wake munamufunsapo? Ndiye amene amatunga madzi pa mjigo ndi amayi a m'mudzimo, ndiye amamva zimene anthu akunena mwamuna wake akachoka. Ana awiriwo ali pasukulu? Ku Zambia chaka cha sukulu chimayamba mu Januwale, osati Seputembala ngati kwathu. Mukawachotsa lero mukawalowetsa kuti pakati pa chaka?

Abusa, Mchinji boma

Amayi, mwandigwira pamtima. Zoona, mayiyo sitinamufunsepo kanthu chipitireni. Ndimuimbira madzulo ano, mkazi wanga alankhule naye.

Abusa opuma, Chilanga, Kasungu

Ana anga, ndawerenga zonse. Ndiloleni nditalikitse pang'ono, pakuti njira imene mwayendayo ena anaiyendapo kale.

Uthenga unafika ku Mvera mu 1889 ndi Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok. Patangopita zaka khumi, mu 1899, unawoloka kupita ku Magwero pafupi ndi Chipata, m'dziko la Mpezeni. Kenako Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905. Mpingo umene unabadwa pamenepo ndiwo lero ukutchedwa Reformed Church in Zambia, ndipo mbusa wawo woyamba wa m'dzikomo, Justo Mwale, anadzozedwa mu 1929. Sukulu ya ubusa ya ku Lusaka ikudziwika ndi dzina lake mpaka lero. Akatolika nawo anakhazikika pa Kachebere, pamalire penipeni, mu 1903. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti kumene mwatuma mwana wanuko si tchire. Ndi munda umene ena analima zaka zoposa 120 zapitazo, ndipo eni ake alipo. A Seventh Day ali ndi chipatala pa Mwami, Akatolika ali ndi maparishi, a Pentekoste ali mudzi uliwonse. Amfumu pofunsa kalata sanadane ndi uthenga. Afunsa funso limene nyakwawa iliyonse ya kuno ikanafunsa: mlendoyu akadwala kapena akalakwa, ndikauze ndani?

Taganizani mutamva kuti mpingo wina wa ku Katete watuma munthu, wamanga chisakasa pa Kamwendo, akugawa chimanga Lamulungu m'mawa, ndipo sanabwere kudzakupatsani moni. Mungamve bwanji? Paulo pa Aroma 15:20 ankasamala kuti asamange pa maziko a mnzake. Kumeneko ndiye kumene kuli muzu wa vuto lanu, ndipo kalata, permit ndi ndalama zonse zikuphukira pamenepo.

Chinanso chimene ndinaphunzira ndi cha ku Mozambique. Mishoni ya Mphatso inatsegulidwa mu 1909 ku Angonia, koma mu 1922 Apwitikizi anatseka ntchitoyo ndipo amishoni anachoka. Mpingo sunafe. Akulu a mpingo a konko anaugwira zaka zambirimbiri opanda mbusa wokhala nawo, akhristu ankayenda wapansi kuwoloka malire kudzadya mgonero ndi kudzabatizitsa ana kuno ku Malawi. Chimene chinatsala amishoni atachoka sichinali katundu, anali anthu ophunzitsidwa Mawu. Ndiye funso langa kwa inu Abusa ndi ili: mwa anthu 14 atsalawo, alipo angati amene angatsegule Buku Lopatulika, kuwerenga, kutsogolera nyimbo ndi pemphero mlaliki wanu kulibe? Ngati alipo awiri, ntchito yanu siinapite pachabe.

Kwa mwana wanga wa ku Mkanda: nkhawa yako ndi yoona, midzi yathu ikusowa abusa. Koma malire awa anadula pakati pa mtundu umodzi. Mu Ogasiti mafumu athu amapita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi limodzi ndi a ku Zambia ndi a ku Mozambique. Maliro timalira limodzi, timakwatirana. Anthu amene anapempha mlaliki ndi abale a akhristu a pa Mchinji. Kuwakana sikukanakhala bwino. Cholakwika ndi kalowedwe kokha.

Mlaliki, Mkanda

Agogo, ndamva. Za kalowedwe ndikuvomereza. Koma pa chimanga sindisuntha. Chimenechi chinawononga.

Mbusa wachinyamata, Kapiri

Ine pa chimanga ndikusiyana nanu pang'ono. Yakobo 2 amatidzudzula tikauza wanjala kuti apite mumtendere osamupatsa kanthu. Kupatsa si tchimo. Vuto ndi nthawi ndi malo operekera. Ife tinalakwitsa chimodzimodzi m'mudzi wina kuno: tinkagawa ufa mapemphero akangotha, potuluka pakhomo. Anthu anaphunzira kuti ufa ndi malipiro obwerera ku tchalitchi, ndipo a mipingo ina anatiyesa akuba nkhosa. Titasintha, tinayamba kupereka pakati pa sabata kudzera kwa amfumu ndi komiti ya m'mudzi, kwa okalamba ndi ana amasiye, osafunsa kuti amapemphera kuti. Chiwerengero cha Lamulungu chinatsika, koma otsalawo anayamba kupereka okha chopereka, ngakhale chitakhala mbale ya mtedza.

Ndiye ngati mudzathandizenso ku Vubwi, tumizani ndalama, chimanga akagule konko, ndipo mlaliki asakhale wogawa. Dzanja limene likugwira Baibulo Lamulungu lisakhale lomwelo logwira ndowa yoyezera.

Msungichuma, Nkhamenya

Ndiyankhe za ndalama. Chichokereni pamene kwacha yathu inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene amalipira munthu kunja ndi ndalama ya kuno akulira. Inu mumalemba K150,000 m'buku n'kumaona ngati mwasunga lonjezo, pamene iye m'manja akulandira zochepa mwezi ndi mwezi. Lonjezo lilembedwe m'kwacha ya ku Zambia. Mufunseni alembe lendi, ufa, ndiwo, sopo, kukonzetsa njinga ndi mayunitsi pa mitengo ya konko, ndiye komiti ione ngati ingakwanitse. Ngati singakwanitse, inene poyera, osati kumusiya munthu akudya ngongole pagolosale ya m'mudzi. Mlaliki wangongole salalika momasuka, chifukwa mwini golosale ali pabenchi yakutsogolo.

Ndalamayo musonkhe nthawi yokolola, Meyi mpaka Julayi, ya chaka chonse. Kudalira mbale ya Januwale ndi Febuluwale n'kumene kwakugwetsani. Ndipo anthu 14 aja nawo apatsidwe gawo lawo, ngakhale nkhuni ndi ndiwo zokha.

Amayi a chigwirizano, Santhe

Ndionjezere pamenepo: amfumu akamudziwa bwino, kupempha kadimba sikovuta. Mayi wa kunyumba akakhala ndi mpiru ndi tomato wake, mtima umakhazikika.

Mlembi wa mpingo, Kamwendo

Dimba la ndiwo zapakhomo palibe vuto, Amayi, koma asayambe geni mapepala asanalongosoke.

Abusa opuma, Chilanga, Kasungu

Chimodzi ndinaiwala. Abusa, mufunseni mnyamatayo kuti maliro a m'mudzimo amapitako onse kapena amasankha a akhristu ake okha. Dera limenelo gule ndi wamphamvu ngati kwathu kuno. Alaliki achinyamata ambiri amafika ndi chimkuzamawu n'kuyamba kutukwana dambwe sabata yoyamba, asanadziwe ngakhale dzina la nyakwawa. Sindikuti asinthe chiphunzitso. Ndikuti akumbe nawo manda, agone nawo pasiwa, adziwike kuti ndi munthu pakati pa anthu. Zovutazo adzazilankhula ndi amene amukhulupirira kale.

Abusa, Mchinji boma

Atate, Amayi, abale nonse, ndabwerera. Usiku wathawu tinalankhula ndi banjalo kwa ola lathunthu, ndipo ndamva zimene sindinkazidziwa.

Mayiyo akuti pa mjigo amayi amamufunsa kuti mpingo wathu ndi wa ndani, popeza sanaonepo mbusa aliyense wa m'Zambia akubwera kudzapemphera nafe. Akutinso pamtunda wa ola limodzi panjinga pali mpingo wa chikhulupiriro chofanana ndi chathu, ndipo mkulu wa mpingo wa kumeneko anabwerapo kawiri mu Julayi kudzacheza. Mlaliki wathu anamulandira bwino koma sanabwezere ulendo, poopa kuti komiti idzati wagulitsa nkhosa. Mantha amenewo tinamupatsa ndife, chifukwa lipoti lililonse tinkangomufunsa chiwerengero. Ngongole pagolosale ilipodi, ya miyezi iwiri. Maliro amapita onse, ndipo akuti n'chifukwa chake amfumu anamuitana mwaulemu m'malo mokamunenera. Mwana wamkulu walembetsa kale giredi 2 konko.

Funso lanu Agogo ndinalifunsa. Alipo atatu: bambo mmodzi amene anaphunzirako pa Chadiza, ndi amayi awiri amene amawerenga bwino. Mmodzi mwa amayiwo ndiye amayambitsa nyimbo.

Zimene ndikapereke ku komiti Loweruka ndi izi. Mlaliki abwere kuno ndi banja lake Lachinayi, ngongole titalipira kaye kuti asachoke ngati wothawa, ndipo akatsanzike kwa amfumu. Atatu aja atsogolere mapemphero iye kulibe. Sabata yamawa ine ndi mkulu wa mpingo mmodzi tidutsa pa Mwami ndi mapasipoti athu, tikaonane ndi abusa a mpingo wapafupi uja, tikapepese kuti tinalowa m'munda mwawo osagogoda, ndipo tikapemphe kuti kagulu kathu kakhale nthambi yawo. Akavomera, iwo ndiwo adzaone ngati akumufuna mlaliki wathu ndi kumupemphera permit. Akapanda kumufuna, azingopitako masiku ochepa pa mwezi monga mlendo wophunzitsa atatu aja. Zogawa chimanga Lamulungu zatha.

Chimene chikundivutabe ndi mwana wa giredi 2 uja. Amayi a ku Santhe, mukuona bwanji?

Amayi a chigwirizano, Santhe

Musamusiye kwa anthu kutsidya, akadali wamng'ono ndipo naye alibe mapepala. Abwere ndi makolo ake. Mukalankhule ndi aphunzitsi aakulu pasukulu yapafupi ndi tchalitchi kuti alowe sitandade 1 kapena 2 temu ino, bola atenge kalata ya kusukulu kumene akuchokera. Muwakumbutse makolowo akaitenge Lachitatu asananyamuke.

Mlembi wa mpingo, Kamwendo

Abusa, popita kwa abusa a kutsidyako mutenge kalata ya mpingo yokhala ndi chidindo, makope awiri, ina ya amfumu. Ndili nayo imene tinagwiritsa ntchito popita ku msonkhano wa chitsitsimutso ku Chipata, ndikutumizirani pa WhatsApp usiku uno kuti mungosinthamo mayina ndi masiku.