Mapiritsi owonjezera magazi akundivutitsa, kodi ndingowasiya?

Mayi a Tadala:
Amayi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi pakati pa miyezi 6, mimba yachiwiri. Lachiwiri lapitali kusikelo anandibaya pachala n'kulemba m'buku kuti Hb (muyeso wa magazi) ndi 9.4, akuti magazi ndi ochepa. Sindinadabwe. Ndimagulitsa kaunjika, ndipo masiku ano ndikangokwera kachitunda kochokera kumsika mtima umagunda ngati ndathamangitsidwa ndi galu, chizungulire ndiye osanena.

Vuto ndi mapiritsi ofiira aja. Ndimamwa m'mawa ndi tiyi, pofika 9 koloko nseru yandigwira, m'kamwa ngati ndanyambita msomali wadzimbiri. Kuchimbudzi ndimatha masiku atatu osapita, ndipo ndikapita, pepani, zimatuluka zakuda bii ngati makala. Ndiulule, pa mimba ya Tadala ndinkangowalandira n'kumawaunjika m'kabati. Apongozi akuti ndiwasiye chifukwa amakulitsa mwana, ndidzavutika pochira, ndipo andiwiritsira masamba a mapeyala. Chinanso, dothi lowotcha lija ndikumamaliza timapepala tiwiri patsiku. Nditani?

Nabanda:
Achemwali, vuto langa linali lomweli pa ana anga onse anayi, koma ndinadzapeza nzeru pa wachitatu. Musamamwe m'mawa. Idyani nsima yamadzulo, mezani piritsi ndi madzi, kenako kagoneni. Nseruyo imabwera muli mtulo. Za kudzimbidwa, ine chinkandithandiza ndi papaya wakupsa, nsima ya mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, ndi botolo la madzi pambali tsiku lonse. Inu pamsikapo ndikudziwa mumapewa kumwa madzi poopa chimbudzi cholipira. Lipirani basi.

Mwana wa kwa Gomani:
Ingomwani chidede amayi. Azakhali anga ankasakaniza Coca-Cola ndi tomato wa m'chitini, magazi anabwerera sabata imodzi. Zachilengedwe ndiye zabwino.

Nachisale (namwino wopuma):
Mwana wanga, choyamba ndikutsitse mtima pa chimbudzi chakudacho. Ndi ayironi, mchere wa m'mapiritsimo wothandiza kupanga magazi, amene thupi silinatenge, akutuluka. Ambiri omwa mapiritsiwa amaona zimenezo. Chodetsa nkhawa ndi chimbudzi chokhala ndi magazi, kapena chomata ngati phula pamodzi ndi kupweteka kwambiri m'mimba. Zikatero thamangira kuchipatala.

Cholakwika chako chachikulu ndi tiyi. Mu tiyi ndi khofi muli zinthu zimene zimagwira ayironi m'matumbo, n'kumutulutsa asanalowe m'magazi. Ndiye wakhala ukumva nseru yonse, phindu n'kumapeza lochepa. Mkaka nawo umatero, ngakhalenso mankhwala oyera aja a chilungulira. Pakati pa zinthuzi ndi piritsi pazidutsa maola awiri. Zimene zimathandiza ayironi kulowa ndi za vitamini C: gwafa, lalanje, madzi a malambe, madzi ofinyiramo ndimu. Malangizo a Nabanda omwa usiku ndi abwino. N'zoona kuti piritsi limagwira bwino kwambiri m'mimba mopanda kanthu, koma piritsi lomwedwa ndi nsima limaposa lokhala m'kabati.

Za apongozi ako, ndazimva kusikelo zaka zambiri, kuyambira ndili mtsikana pantchito. Mapiritsiwa satupitsa mwana. Chimene ndinaona ndi maso anga ndi china: mayi wochepa magazi amabereka mwana wochepa thupi kapena wosakwana masiku, ndipo pochira ndi pamene zimaopsa. Mayi aliyense amataya magazi pobereka, mpaka theka la lita timati zili bwino. Wa Hb 12 amataya n'kudzuka kukasamba. Wa Hb 7 akataya omwewo timayamba kusakasaka magazi oti timuike, ndipo sikuti nthawi zonse amapezeka msanga. Muyeso wa WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, ndi wakuti mayi woyembekezera akatsika pa 11 ndiye kuti magazi achepa, akatsika pa 7 zafika poopsa. Iwe uli pa 9.4 ndipo watsala ndi miyezi itatu. Nthawi ilipo yokwanira, koma yosataya.

Achimwene a kwa Gomani, chidede n'chakumwa chabwino, inenso ndimamwa. Koma kufiira kwa chakumwa si magazi ayi. Madzi a masamba a mapeyala amafiiranso, n'chifukwa chake anthu amawakhulupirira. Piritsi limodzi la kusikelo limakhala ndi ayironi pafupifupi 60 mg, kuphatikiza folic acid. Palibe kapu ya chidede ingafikepo, Coca-Cola ndiye tisatchule n'komwe.

Dothilo ndi chizindikiro cha vuto lomweli. Amayi ambiri ochepa ayironi amalilakalaka, ndipo magazi akayamba kukwera chilakolakocho chimachepa. Koma limawonjezera kudzimbidwa, limatchinga ayironi, ndipo lingakupatse njoka zam'mimba zimene zimayamwa magazi omwewo. Onetsetsa kuti unalandira albendazole, mankhwala a njokazo, ndipo Fansidar usadumphe, chifukwa malungo amaswa magazi mwakachetechete ngakhale thupi lisakutentha. Neti uzigonamo.

Pa ndiwo, usipa ndi matemba uzidya ndi mitu yomwe, nyemba, khobwe, bonongwe, chisoso, kholowa, uthire tomato wambiri. Ngumbi zikagwa usazinyoze. Chiwindi chokha usachulutse, chili ndi vitamini A wochuluka kwambiri kwa mwana wam'mimba.

Kwa ena amene akuwerenga ndipo akumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir: ayironi amachepetsa mphamvu ya mankhwalawo mukawamwera limodzi opanda chakudya. Funsani kuchipatala akuuzeni kagawidwe ka nthawi. Ndipo nonse, mapiritsiwa muziika patali ndi ana. Amaoneka ngati maswiti, koma mwana akameza ambiri akhoza kufa.

Ukayesa zonsezi kwa milungu iwiri n'kumasanzabe, usangosiya mwakachetechete. Bwerera ukanene, angakusinthire kamwedwe kapena mtundu wa mankhwala. M'zipatala zina ulipo ayironi wa mudiripi, amene anachitirapo kafukufuku pa amayi oyembekezera ku Zomba ndi ku Blantyre. Ukayamba kupuma mobanika ngakhale utakhala pansi, usadikire tsiku la sikelo.

Mayi a Tadala:
Zikomo kwambiri amayi Nachisale, mwanditsegula maso pa nkhani ya tiyi. Lero ndi tsiku lachisanu ndikumwa usiku ndi madzi a malambe. Nseru ilipo pang'ono m'bandakucha koma sindinasanze, ndipo papaya wagwira ntchito yake, a Nabanda. Mapiritsi ndachotsa pawindo pamene Tadala amafikira. Dothi ndiye ndisaname, dzulo ndinagula kapepala kamodzi. Apongozi ndinawawerengera zimene mwalembazi, anangoti "anamwino a masiku ano", ndiye ndinawauza kuti ndinu opuma pantchito. Akuti andiperekeza kusikelo mwezi wamawa akadzionere okha nambalayo.